Digiri ya ku America abwana akulipira: ndondomeko yake, ndi dzenje la mu Disembala

Funso ili landipeza paliponse. Pakhomo la tchalitchi tikuweruka, pa chikondwerero cha 6 Julaye mbale ya nsima ili m'manja, ngakhalenso pa WhatsApp 2 koloko usiku wina ali pa bureki kuntchito: "Achimwene, tamva kuti digiri yanu anakulipirirani ndi akuntchito. Zimayenda bwanji zimenezi?" Ndayankha mpaka kukamwa kuuma, ndipo ndaona kuti pofotokoza pakamwa ndimaiwala zina, makamaka zimene zinandipweteka ineyo. Ndiye ndalemba kamodzi. Wondifunsanso ndizingomutumizira izi.

Ndikulankhula ndi inu amene muli ku America ndipo muli ndi chilolezo chogwira ntchito, kaya mumasamalira okalamba, mumanyamula makatoni mu warehouse kapena mumaima pa thilo m'sitolo. Makampani ambiri kuno ali ndi thumba lothandizira antchito awo pa fizi ya koleji. Ambiri a ife sitiligwira n'komwe. Ena timaligwira mwachisawawa n'kutsala ndi ngongole pamwamba pa digiri yosatha. Pagona nkhani ndi apa: ndalamazo n'zochepa, zimabwera pachakapachaka, ndipo kawirikawiri zimabwera inu mutalipira kale. Digiri muikonze motsata ndalamazo ndi masiku amene zimatuluka. Osayamba kaye sukulu kenako n'kumakafunsa kuti abwana apereka zingati.

Mawu amodzi tigwirizane kaye. Kuno maphunziro amawayeza ndi ma credit. Kalasi imodzi nthawi zambiri ndi ma credit 3. Digiri yoyamba, imene amati bachelor's, imafuna ma credit 120, ndiye kuti makalasi pafupifupi 40. Ya zaka ziwiri, ya associate, imene amapereka ku community college, imafuna 60. Sukulu zambiri zimalipiritsa pa credit iliyonse, choncho mtengo umene muziufunsa paliponse ndi wa credit imodzi.

1. Pezani chikalata chenicheni cha kuntchito kwanu

Osadalira zimene wakuuzani mnzanu wa pa shifiti, ngakhale supavaiza. Pitani ku HR kapena pa tsamba la antchito pa intaneti mukatenge chikalata cha ndondomekoyi, muchisindikize, muchiwerenge ndi cholembera m'manja.

Choyamba kudziwa ndi mtundu wake. Pali makampani amene amalipira okha kusukulu, inu osatulutsa kanthu. Walmart, kudzera mu Live Better U, kuyambira 2021 imalipira fizi yonse ndi mabuku pa sukulu zimene inasankha. Starbucks inagwirizana ndi Arizona State University kuyambira 2014 pa madigiri a pa intaneti. Amazon ili ndi Career Choice ya antchito olipidwa pa ola amene akwanitsa masiku 90. Koma zipatala zambiri, nyumba za okalamba ndi makampani ang'onoang'ono amatsata njira yakale, yomwe ndi tuition reimbursement yeniyeniyo: inu mulipire, muphunzire, mukhoze, mubweretse risiti ndi magiredi, iwo akubwezereni. Malangizo anowa agona kwambiri pa mtundu wachiwiriwu, chifukwa ndi umene umagwetsa anthu. Ndondomeko za makampani zimasinthasinthanso, ndiye ngakhale za amene ndatchulawa mukawerenge za chaka chino.

M'chikalatamo fufuzani mayankho a mafunso awa. Muyenera kukhala mutagwira ntchito nthawi yaitali bwanji? Maola angati pa sabata? Amapereka zingati pachaka, nanga pali malire a moyo wonse, monga a UPS amene amalekeza pa $25,000? Giredi yochepetsetsa ndi iti? Ambiri amati C pa digiri yoyamba, B pa master's. Kodi maphunzirowo ayenera kugwirizana ndi ntchito yanu? Mabuku akuphatikizidwa? Muyenera kupempha chilolezo kalasi isanayambe? Funso lomalizali yankho lake kawirikawiri ndi eya, ndipo ndikudziwa anthu amene anakhoza ndi A koma osabwezeredwa ngakhale senti chifukwa fomu anailemba sabata yachiwiri ya kalasi.

Chenjezo kwa achemwali ndi achimwene a ntchito zosamalira odwala: ngati mumagwira m'chipatala koma malipiro amachokera ku agency, bwana wanu ndi agency-yo. Thumba la chipatala silikukhudzani. Ngati kumapeto kwa chaka mumalandira fomu ya msonkho ya 1099 m'malo mwa W-2, boma limakuonani ngati wodzilemba nokha ntchito. Nthawi zina kusiya agency n'kulowa ntchito yachindunji, ngakhale malipiro a pa ola atatsika ndi dola imodzi, kumapindulitsa. Dola imodzi pa ola, kwa munthu wogwira maola 40 pa sabata, ndi pafupifupi $2,000 pachaka. Thumba la fizi likhoza kukhala loposa kuwirikiza kawiri pamenepo.

2. Lowezani nambala iyi: $5,250

Mudzaiona m'zikalata za makampani ambiri, ndipo sikuti anachita kupangana. Lamulo la msonkho la dziko lino, gawo 127, limalola bwana kupereka mpaka $5,250 pachaka kwa wantchito pa maphunziro popanda kudulidwa msonkho. Nambalayi inakhazikitsidwa mu 1986, fizi ikadali yotchipa, ndipo yakhala pomwepo zaka zonsezi fizi ikukwera. Lamulo la mu 2025 linanena kuti kuyambira 2027 iziyamba kukwera motsata kukwera mitengo kwa zinthu, koma musayembekeze kuti ilumpha kwambiri.

Chaka chake ndi cha pa kalendala, Januwale mpaka Disembala. Zimene simunagwiritse ntchito chaka chino sizisungidwa; zapita. Kampani ikakupatsani zoposa $5,250, zapamwambazo nthawi zambiri zimawerengedwa ngati malipiro ndipo zimadulidwa msonkho. Ndalamazi zimalowa pa fizi, mabuku ndi zipangizo za m'kalasi. Lendi, chakudya ndi petulo wopitira kusukulu n'zanu.

Tsopano gawani. Sukulu ya $400 pa credit, thumba lanu ligula ma credit 13 pachaka, ndipo digiri yonse ikutengerani zaka zopitirira pang'ono 9. Sukulu ya $150 pa credit, ligula 35. Masitepe otsatirawa onse akuchokera pa samu imeneyi: ma credit ambiri muwapeze motchipa kapena mwaulere, thumba la abwana likagwire ntchito pamene palibe njira ina.

3. Werengani zimene munabwera nazo kuchokera kumudzi

Ambiri tinabwera ndi mapepala: dipuloma ya akaunti, ya unamwino, ya uphunzitsi, kapena zaka ziwiri za ku yunivesite zimene sitinamalize. Mapepala amenewo ndi ndalama. Sukulu zambiri za kuno siziwawerenga zokha. Zimafuna kuti bungwe lodziimira palokha liwaunike. Odziwika ndi World Education Services, imene timangoti WES, ndi Educational Credential Evaluators, onse mamembala a NACES, mgwirizano wa mabungwe ounika mapepala otere. Musanalipire aliyense, funsani sukulu imene mukufuna kuti imavomereza bungwe liti. Pemphani kuunika kwa phunziro lililonse palokha, kumene amati course-by-course, chifukwa kuunika kwa satifiketi chabe sikutulutsa ma credit.

Chimene chimachedwetsa ndi transcript, chikalata cha makosi ndi magiredi anu onse. Kawirikawiri iyenera kuchoka kusukulu yanu yakale kupita ku bungwelo mwachindunji, osadzera m'manja mwanu. Pezani m'bale wodalirika woti azikafika ku ofesi ya registrar maso ndi maso, chifukwa ma imelo okha mudikira mpaka imvi. Amene munaphunzira ku Poly, ku College of Medicine kapena ku Kamuzu College of Nursing, kumbukirani kuti University of Malawi inagawidwa mu 2021, pakutuluka MUBAS ndi KUHeS. Satifiketi yanu ili ndi dzina lina, sukulu pano ili ndi lina. Funsiranitu kuti transcript ituluka ndi chidindo cha ndani, ndipo bungwe lounika muliuze za kusinthaku. Ngati muli ndi mapepala ofotokoza zimene munaphunzira mu kosi iliyonse, asungeni bwino. Amathandiza sukulu ikamakayikira.

Musayembekeze kuti atenga zonse. Ine pa dipuloma yanga anandipatsa ma credit 27, ambiri n'kuwaika m'gulu la maphunziro odzisankhira. Ndinadandaula tsiku limenelo, koma nditawerenga pa mtengo wa sukulu yanga ndinapeza kuti envelopu ija yandipulumutsira ndalama zoposa $9,000.

Ngati kuunikako kwanena kuti digiri yanu ya kumudzi ndi yofanana ndi bachelor's ya kuno, musataye nthawi kuyambiranso. Lowani master's. Gawo 127 limagwiranso ntchito pamenepo.

4. Sankhani sukulu yomalizira musanalembetse kalasi iliyonse

Anthu amalakwitsa dongosolo lake. Amatola ma credit uku ndi uku kwa zaka ziwiri, kenako n'kumafuna sukulu yoti iwalandire, n'kupeza kuti theka silikulowa pa digiri imene akufuna. Yambirani kumapeto. Dziwani sukulu imene idzalembe dzina lanu pa satifiketi, tengani mndandanda wa makalasi onse a digiriyo, kenako muziyenda chobwerera.

Sukuluyo ikhale yovomerezeka ndi limodzi la mabungwe akuluakulu monga Higher Learning Commission, Middle States kapena SACSCOC. Musakhulupirire chikwangwani cha sukuluyo. Kayang'aneni nokha pa mndandanda wa CHEA, bungwe lounika mabungwe ovomereza sukuluwa, kapena wa unduna wa maphunziro wa dziko lino. A unamwino onjezerani kuti pulogalamuyo ikhale yovomerezeka ndi ACEN kapena CCNE, mabungwe ovomereza maphunziro a unamwino. Sukulu ikamakuimbirani foni katatu pa tsiku mutangodzaza fomu pa Facebook, dabwani. ITT Tech itatsekedwa mu Sepitembala 2016, ophunzira ambiri anatsala ndi ngongole komanso ma credit amene sukulu zina zinakana.

Funsani mafunso awiri. Amalandira ma credit angati ochokera kwina? Southern New Hampshire University ndi University of Maryland Global Campus amafika pa 90 mwa 120. Thomas Edison State University, Excelsior University ndi Charter Oak State College anatchuka ndi kulandira ochuluka kwambiri. Sukulu zambiri zimafuna kuti ma credit osachepera 30 muwaphunzire pomwepo. Funso lachiwiri: kodi ali ndi mtengo wotsikirako wa antchito a kampani yanu? Zipatala zambiri zili ndi mgwirizano wotere, koma samaulengeza mokweza.

Western Governors University njira yake ndi ina. Mumalipira mtengo umodzi wa miyezi 6, n'kumaliza makalasi ochuluka mmene mungathere. Kwa munthu wodziwa kale ntchito yake ndipo amadzikakamiza yekha, imatchipa. Kwa munthu wofuna mphunzitsi womukumbutsa, ndalama zimangopita. Dzidziweni nokha.

5. Dzazani pansi ndi ma credit otchipa

Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri ndi maphunziro a aliyense: Chingerezi, masamu, mbiri, sayansi ya poyambira. Kulipira $1,000 pa kalasi yotere ndi kuwononga. Mayeso a CLEP, a College Board, amawononga pafupifupi $100, ndipo mukapeza mapointi 50 sukulu zambiri zimakupatsani ma credit a kalasi yonse. Bungwe la Modern States limaphunzitsa kwaulere pa intaneti ndipo limalipirira mayesowo mukamaliza kosi yawo. Palinso Sophia, Study.com ndi StraighterLine, kumene mumalipira pamwezi. Amene munalimba pa MSCE, College Algebra sikuopsezani.

Zotsalazo tengerani ku community college ya m'dera lanu. Amene muli ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri cha ku South Bend, yanu ndi Ivy Tech. Mtengo wotsika ndi wa okhala mu state, kapena kuti m'boma limenelo, ndipo maboma ambiri amafuna kuti mukhale mutakhalamo miyezi 12.

Lamulo ndi limodzi: kalasi iliyonse, musanalipire, mlangizi wa sukulu yomalizira ija alembe pa imelo kuti ilowa, ndipo ilowa m'malo mwa kalasi iti. Mawu a pa foni amauluka. Dziwaninso kuti makampani ambiri sabweza ndalama za CLEP kapena Sophia. Zilibe kanthu, n'zochepa; lipirani nokha.

6. Lembani FAFSA ngakhale mukuganiza kuti simupeza kanthu

Ndi fomu yaulere ya boma yopemphera thandizo la fizi. Nzika, a green card, othawa kwawo ovomerezeka, onse ali ndi ufulu woilemba. Ikhoza kukutsegulirani Pell Grant, imene siibwezedwa; m'chaka cha maphunziro cha 2025 mpaka 2026 yapamwamba inali $7,395, ndipo wophunzira makalasi ochepa amalandira gawo lake. Amene ali kale ndi bachelor's, ngakhale ya kumudzi, Pell sapatsidwa.

Makampani ambiri amabweza zokhazo zimene zatsala Pell italowa. Si vuto, chifukwa thumba lija limagula ma credit ochuluka. Koma kalata ya sukulu ikabwera, mudzaona ngongole za boma zitaikidwa pamzere womwewo ndi thandizo laulere, ngati zonse ndi mphatso. Muli ndi ufulu wokana ngongoleyo n'kulandira Pell yokha.

7. Kalendala ya ndalama

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene ndinagwa ine.

Ndinayamba mu Ogasiti ndi makalasi awiri a semesita yaitali, ya masabata 16, pa $350 pa credit. Ndinalipira $2,100 ya m'thumba mwanga. Mayeso anatha pakati pa Disembala, magiredi anatuluka kutatsala masiku ochepa kuti ifike Khirisimasi. Ndinatumiza mapepala tsiku lomwelo. Mayi amene ankasaina anali pa tchuthi. Ndalama zinalowa pakati pa Januwale, ndipo nditayang'ana pa kompyuta ndinaona kuti zadulidwa pa thumba la chaka chatsopano. Ndiye kuti $5,250 ya chaka choyamba inapita yonse osakhudzidwa, ndipo chaka chachiwiri ndinachiyamba ndi $3,150 basi. Pofika Ogasiti wotsatira thumba linali litauma, ndinakhala pakhomo semesita yonse.

Palibe amene anandibera. Zinali m'chikalata, pa tsamba lachitatu, m'chiganizo chimodzi chimene ndinachiwerenga osachimva. Kwa a msonkho, chimene chimawerengedwa kawirikawiri ndi tsiku limene kampani yatulutsa ndalama. Pa malire awoawo, makampani amasiyana: ena amawerenga tsiku loyamba kalasi, ena lomaliza, ena lolipira. Choncho funso lofunika kuposa onse kwa a HR ndi ili: "Kalasi yotha mu Disembala imadya thumba la chaka chiti, ndipo tsiku lomaliza kulandira mapepala kuti mulipire chaka chisanathe ndi liti?" Yankho likhale pa imelo.

Mukadziwa zimenezo, tengani kalendala ya pakhoma. Sukulu zambiri za anthu ogwira ntchito zili ndi makalasi a masabata 8. Kalasi yoyamba kumapeto kwa Ogasiti imatha mu Okutobala, magiredi amatuluka, ndalama zimalowa mu Novembala, chaka chisanathe. Ngati kwanu amawerenga tsiku lolipira, unjikani makalasi odula pakati pa Januwale ndi Okutobala. Novembala ndi Disembala ikhale miyezi ya CLEP ndi Sophia, zimene mukulipira nokha kale. Kapena tengani kalasi nthawi imeneyo mukudziwa kuti ndi yoyamba ya chaka chamawa, muilembe choncho pa kalendala.

Njira yomweyi imathandizanso. Woyamba mu Ogasiti chaka china n'kumaliza mu Meyi patapita zaka zosakwana zinayi amakhudza zaka zisanu za pa kalendala, ndiye kuti matumba asanu, $26,250, m'malo mwa anayi. Koma thumba loyambalo limakhala lanu pokhapokha ndalama zitatuluka Disembala 31 isanakwane.

Tiyerekeze dongosolo lonse, mitengoyi ndi yongofanizira. Mukufuna 120. Mapepala a kumudzi akupatsani 30. CLEP ndi Sophia zikupatsani 15, mwina pa $500 ya m'thumba. Community college 30 pa $150, ndi $4,500, chaka chimodzi cha thumba n'kutsalako ya mabuku. Atsala 45 ku yunivesite pa $350, ndi $15,750, zomwe ndi matumba atatu ndendende, ma credit 15 pachaka, makalasi asanu. Zaka zinayi, ngongole palibe. Munthu yemweyo akadalowa ku yunivesite tsiku loyamba ndi makalasi onse 40 akadafuna $42,000, zaka 8 za thumba.

Tsopano ndalama yoyamba ija ichokera kuti? Pitani kaye ku ofesi yolipirira fizi, imene kuno amati bursar, mukafunse ngati ali ndi employer deferment. Ndi dongosolo loti sukulu idikire mpaka magiredi atatuluka, kawirikawiri n'kukupatsani masabata angapo pambuyo pake kuti mulipire. Amafuna kalata ya kuntchito, ena ndi kafizi kochepa. Samakuuzani mukapanda kufunsa, ndipo fomu yake imalembedwa semesita iliyonse. Yerekezani masiku awo ndi a kuntchito: ngati sukulu ikudikira masiku 30 koma kampani imatenga 45, dzenje lidakalipo, langocheperako.

Ngati palibe, ndalamayo isonkhanitseni musanalembetse. Chipereganyu chimagwira bwino apa: pemphani anzanu kuti mulandire mwezi wotsatana ndi tsiku lolipira. Ndalama zobwezedwa za msonkho za mu Febuluwale kapena Malichi ndi njira ina. Credit card ndi njira yomaliza, chifukwa chiwongoladzanja cha makadi ambiri chimapitirira 20 peresenti pachaka, ndipo abwana sabweza chiwongoladzanja. Ngati mwakakamizika, muchite mutawerenga kuti ndi miyezi ingati yeniyeni.

Ndalama imeneyi mumaisonkhanitsa kamodzi kokha. Ikabwezedwa, imalipira teremu yotsatira, ikabwezedwanso imalipira ina, kuzungulira mpaka tsiku la gawuni. Chimene chimaiphetsa ndi ichi: makampani ambiri amaiphatikiza pa malipiro a sabata imeneyo. Lachisanu lina mumangoona akaunti yatupa ndi $2,000, mtima n'kumati ndi bonasi. Sabata yomweyo foni ya kumudzi imalira. Fizi ya mphwanu, denga laphwasuka ndi mphepo, feteleza wakwera, amalume agonekedwa. Zonse n'zoona, ndipo kukana kumapweteka. Koma mukatumiza ndalama imeneyo, sukulu imatseka akaunti yanu, simungalembetse kalasi ina, ndipo thumba la abwana limene likanabwera chaka chonse limaima. Ine ndinatsegula akaunti ina ku banki ina, yopanda khadi, yosalumikizidwa ndi njira iliyonse yotumizira ndalama. Tsiku limene zalowa, zimasamuka ndisanadye nkhomaliro. Zothandizira kumudzi zili ndi mzere wake pa bajeti, ndipo ndinawauza poyera abale kuti kwa zaka zinayi mzerewo sukula. Anakhumudwa miyezi iwiri.

8. Werengani chingwe chimene akukumangani nacho

Makampani ambiri a mtundu wobwezawu amakusainitsani kuti mukachoka pasanathe chaka chimodzi kapena ziwiri, mudzabweza. Walira mvula walira matope, n'zomveka. Chofunika n'kudziwa kuti nthawiyo ikuyambira pati. Kwa ambiri imayambira pa malipiro aliwonse payekha, ndiye chingwe chimatalika nthawi iliyonse mwalandira. Mukamaliza digiri mu Meyi n'kupeza ntchito yabwino mu Juni, mukhoza kuuzidwa kubweza za zaka ziwiri zomaliza, $10,500, ena n'kudula pa malipiro omaliza.

Funsani ngati ngongoleyo imatsika mwezi ndi mwezi, ndiponso chimachitika n'chiyani akakuchotsani iwo chifukwa ntchito yachepa. Mukamakambirana ndi bwana watsopano, tchulani nambalayo. Ena amailipira kuti akutengeni, makamaka m'zipatala. Ndipo ngati mukuona kale kuti mudzachoka mukangomaliza, semesita yomaliza ndi bwino kuilipira nokha.

9. Musameze zambiri

Kalasi ya ma credit 3 pa semesita yaitali imafuna maola pafupifupi 9 pa sabata, m'kalasi ndi kunyumba. Ya masabata 8 imafuna kawiri kake. Ikani zimenezo pamwamba pa mashifiti atatu a maola 12, ovataimu, ana ndi kwaya ya Loweruka. Yambani ndi kalasi imodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha.

Ndikunena izi chifukwa pa ndondomeko yobwezayi, kulephera kumalipiridwa ndi inu. D kapena F, abwana sapereka kanthu, ndipo ndalama yozungulira ija yafa. Tsiku loyamba la kalasi lembani masiku awiri. Loyamba ndi lomaliza kusiya kalasi n'kubwezeredwa fizi yonse, kawirikawiri sabata yoyamba. Lachiwiri ndi lomaliza kusiya n'kulembedwa W, chimene chimateteza magiredi koma osati ndalama. Mukaona sabata yoyamba kuti shifiti yasintha kapena kalasi yakukulirani, tulukani nthawi yomweyo, manyazi pambali.

Samalaninso ndi maola. Ena amadula mashifiti kuti awerenge, n'kugwa pansi pa maola amene kampani imafuna, thumba n'kutsekeka pakati pa semesita. Ngati akuti maola 30, musasewere pa 30 penipeni.

10. Mapepala ndi msonkho

Kalasi iliyonse ikhale ndi fayilo yake: chilolezo cha kuntchito, bilu yosonyeza fizi mwatsatanetsatane, risiti yosonyeza kuti mwalipira, risiti ya mabuku, ndi magiredi. Bilu ndi risiti n'zosiyana, ndipo a HR amabweza mapepala chifukwa cha chimenechi kuposa china chilichonse. Makampani ambiri amapereka masiku 30 mpaka 60 kuchokera pamene kalasi yatha. Tumizani tsiku limene magiredi atuluka, ndipo pakatha sabata musanamve kanthu, imbani.

Mu Januwale sukulu idzakutumizirani fomu ya 1098-T. Ndalama zimene munalipira nokha, zosabwezedwa, zikhoza kukuchepetserani msonkho kudzera mu Lifetime Learning Credit, mpaka $2,000, kapena American Opportunity Credit, mpaka $2,500, kwa amene ali m'zaka zinayi zoyamba ndipo akuphunzira ma credit okwana theka la wophunzira wanthawi zonse. Koma fizi imene abwana anabweza popanda msonkho simungaiwerengenso pamenepo. Fomu ya sukulu imasonyeza zonse zimene zinalipidwa, siidziwa kuti kampani inakubwezerani. Wokulemberani msonkho akangokopera nambalayo mmene ilili, kalata ya IRS, bungwe la msonkho, ikadzabwera idzalembedwa dzina lanu. Mutengereni ma pay stub osonyeza zimene munabwezeredwa, achotsere yekha inu mukuona.